Nambewe, Woimba wa Kumpanda

Kumidzi ya kumadzulo kwa Chipata, mukafunsa achikulire za Yosefina Mbewe amayamba akuyang'anani kaye, chifukwa dzina limenelo linali la m'tchalitchi basi. Koma mukati Nambewe woimba uja, nkhope zimamasuka, ndipo aliyense amakhala ndi kake kokamba, ngakhale amene sanamumvepo ndi makutu awo.

Nambewe anabadwa nkhondo yoyamba ya azungu ili mkati, m'mudzi wina pafupi ndi Mtenguleni. Bambo ake, a Matiyasi, anali mlimi wa mtedza ndi chimanga, mmodzi mwa anthu oyamba kubatizidwa Chikatolika m'deralo. Mwana wawoyu anali wochepa thupi ndiponso wosakonda zolankhulalankhula, koma mawu ake ankaoloka dambo lonse. Pakagwa kanthu pamudzi anthu ali kuminda, kaya ng'ombe zathyola khola, kaya moto walowa m'nkhokwe, sankavutika kutuma wothamanga. Ankangomukweza pachulu kuti aitane, ndipo anthu ankatulukira makasu ali paphewa.

Atasinkhuka anapita kukakhala kwa masisitere kumishoni, kumene atsikana ankaphunzira katekisimu, kusoka ndi kuwerenga. Kumeneko kunali Sisitere Monika, mzungu wamfupi amene ankaliza limba m'tchalitchi, amenenso Chinyanja chake chinkaseketsa ana. Tsiku lina atsikana akusenda mtedza pakhonde n'kumaimba nyimbo ya pamtondo, Nambewe anakweza mawu pamwamba pa anzake onse, n'kukhala pomwepo osagwedera. Sisitereyo anatuluka m'nyumba nsalu yosoka ili m'manja, nafunsa kuti amene waimba choncho ndani. Atsikana onse analoza Nambewe, akuganiza kuti akamulanga.

Chilango chake chinali zaka zinayi za kuphunzira. Sisitere Monika anamuuza kuti mawu otere kwawo amawatchula kuti sopulano, ndipo amene ali nawo sawatulutsa chisawawa ngati poingitsa mbalame kumunda. Anamuphunzitsa kuima ngati wasenza mtsuko wodzaza, kukoka mpweya kuchokera m'mimba, ndi kuimba kandulo ili patsogolo pa kamwa popanda lawi kugwedezeka. Anamuphunzitsanso kuwerenga timadontho ta nyimbo ta m'mabuku, ndi kutchula Chilatini bwinobwino ngakhale sankachimva. Nambewe ankagwira zinthu msanga. Nyimbo akaimva kawiri, inali yake.

Masiku amenewo kwaya ya pa Misa inali ya amuna, ndipo akazi ankangovomereza ali kumbali kwawo. Sisitereyo anawanyengerera abambo ansembe mpaka analola kuti pa Misa ya masana ya Khirisimasi ya 1933 mtsikanayu aimbe ndime imodzi yekha, ataima kumbali ya akazi komweko. Amene analipo ankati atangoyamba, amayi oyamwitsa anaiwala kugwedeza ana, ndipo bambo wina amene anakhala pakhomo anatuluka kukayang'ana padenga, poganiza kuti mawuwo akuchokera kumwamba. A Matiyasi anabwerera kumudzi. Atafika anapha mbuzi.

Mbiri inamveka mpaka ku Boma, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Foti Jemusoni. Pa zikondwerero zikuluzikulu, ngakhale azungu a m'mafamu a fodya ankabwera ndi magalimoto awo kudzamvera. Koma Nambewe sanasiye za kumudzi. Ankatsogolera nyimbo pa zikwati, pokolola, ngakhale pa ngoma pamene amuna akuponda pansi ndi zishango. Sisitere Monika ankadandaula kuti fumbi la pabwalo limuwonongera mmero, koma iye ankangoseka n'kunena kuti mmero wake unakulira m'fumbi lomwelo.

Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Gabrieli Sakala, kalipentala wa pamishoni, munthu wofatsa amene ankakonda kuimba koma nyimbo sizinkamukonda. Anamanga nyumba kumudzi kwa mwamunayo, ndipo anabereka mwana wamkazi, Elesi.

Elesi atangoyamba kulankhula, m'chaka cha 1937, Nambewe ankakazinga mtedza paphale akucheza ndi mlamu wake. Mlamuyo anamva fungo lachilendo, ndipo atayang'ana anaona kuti dzanja lamanzere la Nambewe latsamira m'mphepete mwa phale lotentha, khungu likupsa, mwini wake akupitiriza nkhani. Pamkono womwewo panali banga lotuwa limene anali atalibisa miyezi ingapo. Palibe amene anatchula dzina la nthendayo tsiku limenelo, koma pofika mawa lake mudzi wonse unali ukudziwa kuti ndi khate.

Anamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, n'kumupatsa mbale yake ndi chikho chake. Mwana anamutenga azakhali ake. Lamulungu Nambewe analimba mtima napita ku tchalitchi. Palibe amene anamuthamangitsa, koma atakhala pansi, amayi anzake anasuntha mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha pakati pa dothi lopanda munthu. Nyimbo itayamba anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke.

Abale a Gabrieli anamukhazika pansi n'kumuuza kuti iye akadali mnyamata, ndipo palibe amene angamunene akafuna mkazi wina. Gabrieli anawamvetsera mpaka kumaliza, kenako anapita kukapopa njinga yake. Anali atamva kuti kufupi ndi malire a Nyasalande, cha ku Mwami, kuli mudzi wa odwala khate woyang'aniridwa ndi amishoni a mpingo wina, ndipo kumeneko kuli dokotala. Anamukweza mkazi wake panjinga, anadutsa ku Boma, natenga msewu wopita kumalire.

Mudziwo anthu ankangouti Kumpanda, chifukwa unazunguliridwa ndi mpanda wa nkhadze wofika pachifuwa. Mkati munali mizere ya nyumba zaudzu, madimba ndi kanyumba ka njerwa kobayira jakisoni. Lamulo linali lakuti abale akabwera aziima kunja kwa mpanda, ndipo ana abwinobwino asalowe. Potsanzikana Gabrieli anati, "ANambewe, ine sindikupita kwina kulikonse. Mukamaona mwezi watsopano, muziyang'ana kumsewu." Ndipo ankabweradi.

Nambewe anamuika m'nyumba imodzi ndi mayi wina wachikulire dzina lake Rhoda, wa ku Unsenga, wa mpingo wa Dachi. Mayiyu analibe zala, ndipo mawu ake anali osasa ngati sowo ikucheka mtengo wouma, moti kuti umve zimene akunena umayenera kusendeza khutu. Anali wamkamwa, wodziwa nkhani za nyumba iliyonse. Tsiku lina akuotha dzuwa anamuuza Nambewe kuti kale iye ndiye ankatsogolera nyimbo kwawo, mpaka nthendayi inatsikira kummero.  Nambewe anali atavomereza kuti dzanja lapita, mwana wapita, mudzi wapita, koma sankadziwa kuti khate limadyanso mawu. Kuyambira pamenepo sanafunenso ngakhale kung'ung'udza nyimbo posinja. M'mawa uliwonse akadzuka ankakhosomola pang'ono kuti amve ngati mmero udakali wake, n'kutseka pakamwa tsiku lonse.

Anakhala choncho chaka chathunthu. Ankalima dimba lake, ankaima pamzere kulandira jakisoni wa mafuta amene ankatupitsa thupi ndi kuwotcha ngati tsabola, ndipo palibe amene ankadziwa kuti ndi woimba. Amene anaulula anali a Abel, othandiza dokotala pobaya ndi pomanga mabala, amene anamumvapo kumishoni kuja asanadwale. Rhoda atamva anadikira mpaka tsiku limene anamwalira mkulu wina dzina lake Boaz.

Maliro a Kumpanda anali osauka. Abale kawirikawiri sankabwera, m'busa ankakhala ali kutali, ndipo odwala ambiri mawu awo anali atatha. Ankangokumba, kutsitsa, kufotsera, wina n'kunena pemphero lalifupi. M'mawa umenewo amuna akukumba manda, Rhoda anabwera pamene Nambewe ankapalira nyemba, nakhala pamzere.

"Mwanawe, mawu amenewo ukusungira ndani?" anatero monong'ona. "Khate silipempha chilolezo. Anga aja ali kuti? Ife kuno tikukwirirana ngati mbatata, pamene iwe wakhalira chinthu."

Nambewe anayankha kuti malemuwo anali a Dachi pamene iye ndi Mkatolika, ndipo nyimbo zawo sazidziwa. Rhoda anati iye akuzidziwa zonse, chimene alibe ndi mmero basi. Onse awiri anapita kuseri kwa nyumba, Rhoda anagwetsa mtondo chafufumimba n'kumaumenya ndi dzanja lake lopanda zala lija kuti apereke kayendedwe ka nyimbo. Ankatulutsa mpweya wosasa, ndipo Nambewe ankasakasaka nyimboyo m'kati mwa mpweyawo, kukweza apa, kutsitsa apo, mpaka mayiyo agwedeze mutu. Akakoka mawu mwa Chilatini, Rhoda ankamenya mtondo mwaukali n'kumuuza kuti asiye chiroma chakecho, nyimbo iyi imayenda ngati anthu opita kumunda.

Kumanda kuja Nambewe anayamba mwamantha, maso ali pansi. Ndime yoyamba inanjenjemera. Pa yachiwiri anakumbukira mtsuko wa Sisitere Monika, anawongola msana, ndipo mawu anakwera oyera ngati kale. Amuna okumba anaimika makasu. Dokotala anatuluka m'kanyumba ka njerwa kuja nakhala chiimire pakhomo. Amene anali ndi kamawu kotsala anayamba kuvomereza, ena ankangoyendetsa milomo. Pobwerera anthu anayenda pang'onopang'ono ngati ochokera kumaliro enieni, ndipo Rhoda anamuuza kuti pa ndime yachitatu anathamanga kwambiri.

Kuchokera tsiku limenelo ntchito inamupeza. Kumpanda kunali anthu a mitundu yonse: Angoni, Achewa, Ansenga, Akunda, Atumbuka, ena a m'mipingo yosiyanasiyana, ena osapemphera n'komwe. Munthu akaona kuti mphamvu zikutha, ankatuma uthenga kuti Nambewe abwere adzamve nyimbo yake. Iye ankakhala pambali pa mphasa n'kumaitola pang'onopang'ono, Rhoda ali pomwepo kuthandiza kumasulira zonong'ona. Mwa njira imeneyi anaphunzira nyimbo zankhondo za Angoni akale zimene mawu ake ngakhale eni ake sankawamvetsa, nyimbo za asodzi a ku Luangwa, za m'migodi ya ku Wankie, za m'mabuku a mipingo inayi, ndi zotonthoza ana. Iliyonse ankaipatsa mawu ake ake. Pa ya Chingoni ankatsitsa mawu mpaka pachifuwa, pa ya m'migodi ankaiseweretsa ngati gitala, ndipo pa ya Chilatini ankakwera mpaka pamene munthu womvera ankaiwala kupuma.

Sanali wa maliro okha. Tsiku la jakisoni, pamene anthu ankaima pamzere nkhope zili gwa, anapeka kanyimbo konyogodola a Abel:

A Abel, a Abel, singano yanu ndi mkondo,
mwabaya dzana, mwabaya dzulo,
lero mubaya pati, malo atha.

Mzere wonse unkavomereza ukuwomba m'manja, amene analibe zala akumenya m'ntchafu, ndipo a Abel ankabaya akuseka. Posakhalitsa panapezeka kwaya ya anthu amene mmero unali usanawonongeke. Ankaimba Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi mpanda, ndipo anthu oyenda pamsewu wa kumalire, amalonda a nsomba zouma, oyendetsa malole ndi amayi ochokera kuchigayo, ankaima kunja kwa nkhadze kumvetsera. Ena ankasiya nthochi kapena mchere pamwala n'kumapita.

Wansembe amene ankabwera panjinga yamoto kudzalapitsa Akatolika a Kumpanda anamva za nkhaniyi ndipo sanakondwe. Anamuuza Nambewe kuti mwana wa Mpingo sayenera kutsogolera nyimbo za mipingo ina, ngakhalenso za achikunja. Nambewe anagwada, nati, "Bambo, mukandiletsa ndisiya. Koma m'nyumba yachitatu umo muli mayi amene wandiphunzitsa yake dzulo. Mupite mukamuuze nokha, ine sindingathe." Wansembeyo analowa m'nyumbamo ndipo anakhalitsamo. Potuluka sanabwerezenso nkhaniyo. Ulendo wotsatira anabwera atakweza Sisitere Monika kumbuyo kwa njinga. Sisitereyo, amene tsopano anali ataonda ndi malungo, sanaime kunja kwa mpanda. Analowa, anamvera kwaya mpaka kumapeto, nadzudzula amuna kuti akukokera nyimbo pansi.

Mu 1941 Gabrieli anabwera tsiku losayembekezeka atavala kabudula wa khaki ndi nsapato zolemera. Anali atalembedwa usilikali monga amuna ambiri a m'midzimo, ndipo ankati kunkhondo akufunanso akalipentala. Anabwera ndi Elesi, namunyamula paphewa kuti mayi ake amuone pamwamba pa mpanda. Nambewe anaitana dzina la mwana wake, koma mwanayo, amene anali atauzidwa zambiri zoopsa za Kumpanda, anabisa nkhope m'chipewa cha bambo ake ndipo sanaitulutse mpaka kuchoka. Pa zonse zimene anaziona m'zaka zimenezo, chimenechi n'chimene Nambewe sankafuna kuchikamba ngakhale atakalamba.

Nkhondo ili mkati, m'nyengo yozizira ya 1944, anadzuka mawu atasasa. Anakhosomola, anamwa madzi otentha, koma sizinasinthe. Anangodziwa kuti chimene ankachiopa chija chafika. Anagona kuyang'ana kukhoma, osadya, ndipo mudzi wonse unazizira. Dokotala anabwera ndi kagalasi kakang'ono, anamuyang'ana kummero nthawi yaitali, nanena kuti ndi chimfine chimene chapeza mmero wotopa, ndipo asalankhule mpaka chitatha. Rhoda anaseka mpaka kutsamwa, n'kumamufunsa kuti kodi wakhate saloledwa kudwala chimfine ngati anthu ena. Patapita milungu ingapo mawu anabwerera, ndipo ena ankati anabwerera okoma kuposa kale.

Rhoda anamwalira chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Sanasiye nyimbo yakeyake, anangoti Nambewe aimbe zimene anamuphunzitsa, koma asathamange. Nambewe anaziimba zonse, kuyambira kunyumba mpaka kumanda, mvula ikuwaza. Pasanapite nthawi yaitali, dokotala, amene anakhala miyezi yambiri akumupala khungu ndi kuliyeza, anamuitana n'kumuuza kuti nthenda yaima ndipo sangapatsire munthu. Zala ziwiri za kumanzere zinali zitapindika, mapazi sankamva minga, koma mmero unali wosakhudzidwa. Nambewe anatumiza uthenga kumudzi. Yankho linabwera lakuti adikire kaye mwamuna wake. Anadikira Kumpanda komweko.

Gabrieli anabwerako ku Burma mu 1946, wowonda, khutu limodzi litagontha. Anzake ena a m'midzi yozungulira Boma sanabwerere, ndipo abale awo anangolandira uthenga wopanda mtembo. Asilikali obwerawo anagwirizana kuti achite maliro amodzi aakulu a anzawo onse, padambo la kumunsi kwa Boma, kuti amayi ndi akazi amasiye alire poyera. Anapangana za chakudya ndi malole mosavuta, koma pa nkhani ya nyimbo anakangana. Malemuwo anali a mipingo yosiyana ndi mitundu yosiyana. Kwaya iliyonse inkakana kuimba za anzawo, ndipo kuitana zonse kukanasandutsa maliro kukhala mpikisano.

Pa msonkhanowo Gabrieli anaimirira n'kunena kuti iye akudziwa munthu mmodzi amene angaimbire aliyense nyimbo ya kwawo, ndipo munthuyo ndi mkazi wake. Ena anatsutsa kuti kubweretsa wa Kumpanda pa khamu la anthu n'kuthamangitsa olira. Amene anadula nkhani anali a Alfonsi Daka, amene anali sajeni wawo kunkhondo. Iwo anati kumene achokera amwa madzi a m'zithaphwi zimene galu sangamwe, ndipo sangayambe lero kuopa mayi amene dokotala wanena kuti wachira. Amene akuopa adzaime patali, dambo ndi lalikulu.

Nambewe atamva anakana poyamba. Kuimbira anthu a mkati mwa mpanda kunali kwina, koma anthu akunja anali atawaona kale akusuntha. Gabrieli sanamukakamize. Anangomuuza mayina a malemuwo, kwawo ndi mipingo yawo, monga ankawadziwira. Pomvetsera, Nambewe anapeza kuti pa dzina lililonse nyimbo ikubwera yokha m'mutu mwake. Mawa lake anachapa chilundu chake chabwino.

Tsikulo linali la m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anadzaza dambo, amayi atakhala pansi kutsogolo, asilikali ataima m'mizere kumbuyo, azungu angapo a ku Boma ali pamipando pansi pa mtengo. Nambewe anamuimika pamwamba pa lole kuti aoneke, ndipo pakati pa loleyo ndi munthu woyandikira panali danga loti ngolo n'kutembenukirapo. Iye anaona dangalo, anaonanso amayi ena akukokera ana kumbuyo. Dzanja lopindika lija sanalibise.

A Daka anatchula dzina loyamba, mnyamata wa Chikatolika wa ku Msipazi. Nambewe anaimba nyimbo ya akufa ya Chilatini, yopanda limba, mawu akukwera pang'onopang'ono mpaka anafika pamwamba penipeni n'kuima pamenepo, oyera, osagwedera. Phokoso la ana ndi la ogulitsa mowa wa masese chapatali linatha. Dzina lachiwiri linali la Mnsenga wa mpingo wa Dachi, ndipo anaimba imodzi mwa za Rhoda, mosathamanga. Mayi wa malemuyo anadzuka kuyang'ana kuti amene akutchula Chinsenga chotere ndi wa kwa yani, kenako anagwa pansi n'kuyamba kulira, ndipo abale ake anavomereza nyimboyo.

Dzina ndi dzina zinapita choncho. Atafika pa Mngoni wa ku Mtenguleni, anatsitsa mawu n'kuyamba nyimbo yankhondo imene anaitola kwa mkulu wina wakufa Kumpanda. Madoda okalamba amene anakhala pambali anayang'anana, chifukwa nyimboyo anaimva komaliza ali anyamata. Mmodzi anadzuka ndi ndodo yake n'kuponda pansi, wina anatsatira, ndipo posakhalitsa asilikali nawo ankaponda ndi nsapato zawo mpaka fumbi linakwera. Aliyense amene dzina la mwana wake latchulidwa ankasendera kutsogolo kuti amve bwino, ndipo akasendera sankabwereranso. Nambewe ankaimba maso ali kumapiri. Atawatsitsa anapeza kuti danga lija kulibe, anthu atsamira lole mbali zonse.

Pomaliza anatenga nyimbo imene asilikali ankaguba nayo, imene Gabrieli anamuimbira mosokoneza panjira, n'kuichedwetsa mpaka inasanduka ya maliro. Amuna amene anaona zoopsa kunkhondo osagwetsa msozi anaimba nawo akupukuta m'maso ndi zipewa. Itatha, nthungululu zinayamba kumbuyo n'kufalikira dambo lonse, chinthu chosachitika pamaliro.

Nambewe anali atatopa, thukuta likuyenderera. Pamene ankafuna potsikira, mayi wa Chinsenga uja anafika pansi pa lole, anamasula mpango wake wa kumutu, natambasula manja. Anamugwira dzanja lomwe lopindikalo, anamutsitsa, n'kumupukuta nkhope ndi mpangowo. "Mwana wanga mwamuika," anatero mayiyo. "Lero ndikagona." Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitapita munthu wakunja osamukhudza, kupatula mwamuna wake ndi ogwira ntchito ya chipatala. Ena anatsatira, kumugwira chanza, kumufunsa kuti nyimbo yakutiyakuti anaidziwira kuti. Iye ankatchula dzina la amene anamuphunzitsa, ndipo kawiri konse panapezeka wachibale wa munthuyo m'khamumo.

Elesi analipo, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi chimodzi, ataima ndi azakhali ake. Sanathamangire mayi ake. Anadikira anthu achepe, nabwera ndi chikho cha madzi, anagwada n'kupereka ndi manja awiri monga amachitira kwa mlendo. Nambewe anamwa. Mtsikanayo anafunsa mwamanyazi ngati nyimbo yoyamba ija ndi yovuta kuphunzira, ndipo mayi ake anati ndi yovuta, koma nthawi ilipo.

Sanabwerere kumudzi kwa a Sakala. Gabrieli anatsegula kashedi ka ukalipentala m'mphepete mwa msewu wa kumalire, pakati pa Boma ndi Kumpanda, ndipo anamanga nyumba pomwepo. Kuyambira chaka chimenecho Nambewe sankakhala pansi. Ankaitanidwa pa zikwati za aphunzitsi ndi akalaliki a ku Boma, pa maliro a mipingo yonse, ndi pa Pasaka kumishoni, kumene anamuika kutsogolo pafupi ndi limba. Aphunzitsi ankatumiza atsikana awo kuti awaphunzitse kapumidwe, ndipo iye ankawaimika pabwalo atasenza mitsuko yeniyeni. Analipobe anthu amene sankadya m'nyumba mwake, ndipo iye sankawakakamiza. Kumpanda akatuma uthenga, ankasiya chilichonse n'kukwera njinga ya mwamuna wake.

Elesi anaphunziradi kuimba, koma mawu ake anatsata a bambo ake, otsika ndi olemera. Nambewe anayesa miyezi ingapo kuwakweza, kenako anasiya, n'kumuphunzitsa kuyenda pansi pa nyimbo pamene iye ali pamwamba. Pa Khirisimasi ya 1949, chaka cha chilala chimene anthu ambiri anapita ku tchalitchi m'mimba muli pululu, anaimba awiriwiri koyamba. Gabrieli anakhala kumbali ya amuna atatembenuzira kutsogolo khutu lake lamoyo, ndipo pobwerera anawauza kuti onse aimba bwino, koma benchi ya kutsogolo ikugwedera, mawa abwera ndi misomali.